Sichipweteka, Koma Chikudya Fupa

Mayi amene tikufuna kukamba nkhani yawo anayamba ndi kusintha kamangidwe ka mpango. Amayi ambiri kwathu kuno kwa Njewa amamanga duku pamutu basi, koma iwo ankatsitsa nsonga imodzi, kuphimba nayo tsaya la kumanzere, n'kuimanga kunsi kwa chibwano. M'mwezi wa Juni, kuli chisanu, palibe amene anadabwa. Koma Okutobala anafika, dzuwa likuswa mtengo, mpango uli pomwepo.

Ife amene timadzipereka pa ntchito ya zaumoyo mumpingo tinkawaona. Tinkakumana nawo kumjigo, kuchigayo, ngakhale pamaliro akuphika ndi anzawo. Tiulule pano kuti tinatha miyezi ingapo osawafunsa kanthu. Tinkaona ngati n'kupanda ulemu kufunsa munthu wamkulu, mayi wa ana anayi, za nkhope yake. Tinkayeza anthu kuthamanga kwa magazi, kuphunzitsa za madzi aukhondo ndi zimbudzi, koma chinthu chimene chinali poyera, pamaso pathu, tinkachilambalala.

Tsiku lina tikuyendera mabanja tinawapeza okha pakhonde akusenda mtedza. Mnzathu wina, amene ndi wamkulu kwa ife tonse, analimba mtima.

"Amayi, mutikhululukire. Tsayali latani?"

Anakhala chete pang'ono, kenako anamasula mpango uja. Nsagwada ya kumunsi inali itatupa kuyambira pafupi ndi khutu mpaka kufupi ndi chibwano, kukula kwake ngati bango la boloma. Khungu linali losalala, lopanda bala, kupatula timizere ta mphini tokwana khumi ndi tiwiri.

"Ndi dzino chabe," anatero. "Komatu sichipweteka ayi. Chikanakhala chopweteka bwenzi nditapita kale kuchipatala."

Mawu amenewa tawamvanso kwa anthu ena kuchokera tsikulo, ndipo ndi amene atichititsa kulemba nkhani ino. Tinazolowera kuti ululu ndiwo umatiuza kukula kwa matenda. Mutu ukawawa kwambiri timathamangira kuchipatala, ukangolemera timati tiona mawa. Koma m'nsagwada muli zotupa zina zimene zimakula zaka zambiri popanda ululu, ndipo munthu akamadikira kuti zipweteke, amakhala akupereka fupa lake pang'onopang'ono.

Mayiwa anatifotokozera kuti zinayamba zaka zitatu m'mbuyomo. Anamva ndi lilime kanthu kolimba, kakang'ono ngati nzama, kunkhama pafupi ndi dzino lomalizira. Patapita chaka dzinolo linayamba kugwedera ngakhale linalibe bowo. Anapita pa kachipatala kena, anawazula dzinolo, kuwapatsa mapilitsi a masiku asanu, n'kubwerera kunyumba. Palibe amene anajambula fupalo. Chotupa sichinaphwe. Apongozi awo anawatengera kwa sing'anga, n'kuwatemera mphini zija. Pamene ife tinkawafunsa, mano ena awiri anali akugwedera, ankatafunira mbali imodzi, ndipo nzimbe ndi chimanga chootcha anali atasiya kale.

Dzina limene linalembedwa m'buku la kuchipatala

Patapita milungu yambiri, madokotala analemba m'kabuku kawo ka kuchipatala mawu akuti ameloblastoma. Kumudzi timangoti chotupa, koma ndi bwino kulidziwa dzinali, chifukwa limatiuza kumene matendawa amachokera.

Mano amayamba kupangika mwana akadali m'mimba, pa sabata ya 6 kapena ya 7 ya pakati. Chikuto choyera cha pamwamba pa dzino, chimene ndi cholimba kuposa china chilichonse m'thupi la munthu, chimapangidwa ndi timaselo totchedwa ameloblast. Dzino likatuluka, ntchito ya timaseloti imakhala yatha. Komabe m'fupa la nsagwada mumatsalira tizidutswa ta mnofu umene mano anachokerako, monga mmene njerwa zimatsalira pabwalo nyumba ikatha kumangidwa. Mwa anthu pafupifupi tonse tizidutswati timangokhala phee moyo wonse. Mwa anthu ochepa timadzuka n'kuyamba kuswana, ndipo chotupa chimayambira pamenepo, m'kati mwenimweni mwa fupa.

Madokotala a ku Ulaya anachidziwa kalekale. Mu 1885 Louis-Charles Malassez wa ku France anachitcha adamantinoma, ndipo dzina la ameloblastoma linayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1930. Mu 2014 akatswiri anapeza kuti m'zotupa zambiri za mtunduwu, makamaka za nsagwada ya kumunsi, kachizindikiro kena ka m'maselo kotchedwa BRAF kamakhala katasokonekera, ndiye maselo amangolandira lamulo loti aswane osaleka. Kusokonekeraku kumachitika m'chotupa momwemo. Si chinthu chimene munthu watengera kwa makolo ake, ndipo sangapatsire mwamuna wake kapena ana ake pogwiritsa ntchito kapu imodzi.

Apa pali mfundo imene ife eni ake inativuta kuilandira. Timakonda kuphunzitsa kuti matenda ambiri amabwera chifukwa cha zimene timadya, kumwa ndi kusuta, ndipo n'zoona. Koma chotupa ichi sichibwera chifukwa cha shuga, fodya, mowa kapena kusatsuka mano. Mayiwa sanalawepo kachasu chibadwire. Choncho palibe chifukwa chowafunsira odwala kuti analakwitsa chiyani. Chachiwiri n'chakuti palibe chakudya kapena mankhwala a pakhomo amene angachiphwetse. Alipo abale athu okoma mtima amene anawalangiza mayiwa kumata makala osinja, kuthowa ndi madzi otentha ndi ozizira, kumwa adyo, mandimu ndi masamba a cham'mwamba. Zina mwa izi zili ndi malo ake pa mavuto ena, koma sizingafike m'kati mwa fupa. Mwezi uliwonse umene munthu akuyesa zimenezi, fupa likupita.

Mmene chimakulira

Mwa zotupa 10 zilizonse za mtunduwu, pafupifupi 8 zimamera m'nsagwada ya kumunsi, kawirikawiri kumbuyo kumene kuli mano otafunira. Chimagwira amuna ndi akazi mofanana, makamaka a zaka za pakati pa 20 ndi 50, ndipo muno mu Africa chimaoneka kwambiri mwa achinyamata ndi anthu a zaka za m'ma 30. Amenewa ndi anthu amene akulera ana ndi kugwira khasu.

Madokotala amanena kuti si khansa, chifukwa sikawirikawiri kuti chifalikire ku ziwalo zina. Anthu ena akamva mawu amenewa amapumira m'mwamba n'kubwerera kumudzi, poganiza kuti ndiye kuti palibe vuto. Kumeneko n'kumva theka la uthenga. Chotupachi sichiyenda ulendo wautali, koma pamene chakhala chimadya. Amene anamangapo chigafa cha fodya amadziwa zimene chiswe chimachita ndi nsichi. Kunja imaoneka yabwinobwino, koma ukaigogoda imalira ngati ng'oma. Chotupachi chimasungunula fupa kuchokera m'kati, kulifutukula, mpaka khoma lake limapyapyala ngati chigoba cha dzira, moti nthawi zina ukasindikiza ndi chala umamva kuthetheka. Chimadya mizu ya mano, n'chifukwa chake mano abwinobwino amagwedera kapena kupendama.

Chikasiyidwa zaka zambiri chimatha kukula kuposa mutu wa khanda. Mano a m'mwamba amayamba kuchiluma, pamabuka zilonda zotuluka magazi ndi fungo, munthu amalephera kutafuna n'kuyamba kuwonda. Kulankhula kumavuta, lilime limakankhidwira kumbuyo, kupuma kumavutanso, ndipo nsagwada imatha kuthyoka yokha munthu akudya. Chikamera m'nsagwada ya m'mwamba zinthu zimafulumira kuipa, chifukwa fupa la kumeneko n'lopyapyala ndipo lili pafupi ndi mphuno, diso ndi tsinde la bongo.

Pali chinanso chimene mabuku a zachipatala sanena kwambiri koma ife tinachiona. Mayiwa anali atasiya kuimba kwaya. Ku ukwati wa mwana wa mchemwali wawo anakhala kukhitchini tsiku lonse. Ana ena ankaseka ana awo kusukulu. Ndipo m'mudzi munali kale manong'onong'o oloza chala mayi wina wokalamba amene anakangana nawo za malire a munda.

Ulendo wokapimitsa

Njira yake si yachilendo. Munthu amayambira pa chipatala chimene ali nacho pafupi, kaya ndi ku Chitedze, ku Kabudula, ku Nsaru kapena ku St Gabriel's ku Namitete, ndipo kumeneko amamulembera kalata yomutumiza ku chigawo cha mano pa Kamuzu Central Hospital mu Lilongwe, chimene ndi chipatala chachikulu cholandira odwala a chigawo chonse chapakati. Ife a kuno tili ndi mwayi umene anzathu a ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe. Kuchokera pa Mpingu, minibasi ya msewu wa Mchinji imakufikitsa mumzinda m'mawa womwewo. Ngakhale zili choncho, timapeza anthu amene atha zaka zisanu ndi chotupa asanakwere minibasi imeneyo.

Mayiwa tinawaperekeza anthu awiri. Dokotala anawayang'ana m'kamwa, kukhudza fupa mbali zonse, kufunsa ngati mlomo wa m'munsi unachita dzanzi, kenako anawatumiza kukajambulitsa. Chithunzi cha X-ray chitabwera anatiitana kuti tione. Pamene panayenera kuoneka fupa loyera panali timabowo takuda tambirimbiri togundana, ngati thovu la sopo m'beseni. Mizu ya mano awiri inaoneka ngati yadulidwa ndi mpeni. Pa zotupa zazikulu madokotala amafunanso chithunzi cha makina a CT scan, chimene chimaonetsa pamene chotupa chalekezera mbali zonse.

Koma chithunzi pachokha sichitchula dzina la matenda. Pali zotupa zingapo za m'nsagwada zimene zimafanana pa X-ray. Pali thumba la madzi limene limazinga dzino lokanirira m'fupa. Pali lina lotchedwa keratocyst, limene limayenda m'litali mwa fupa ndipo limakonda kubwereranso. Pali zotupa zolimba za fupa lenileni, monga ossifying fibroma, zimene zimasendeka mosavuta pa opaleshoni, ndiye palinso khansa yeniyeni. Chilichonse chili ndi chithandizo chake. N'chifukwa chake dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, kudula kanyama kakang'ono ka chotupacho, n'kukatumiza kuti akakaunike pa makina okuza zinthu. Labotale younika minofu yotere inatsegulidwa pa Kamuzu Central mu 2011, mogwirizana ndi University of North Carolina ya ku America, moti zopima za chigawo chapakati zimaunikidwa mu Lilongwe momwemo.

Kudula kanyamaka kumaopsa anthu ambiri. Mumva wina akuti chotupa ukachikhudza ndi mpeni chimalusa. Si zoona. Chimene chimachitika n'chakuti anthu ena akadulidwa kanyamako amaganiza kuti opaleshoni ndi yomweyo, sabwereranso kukamva zotsatira, ndipo chotupa chikapitiriza kukula amati mpeni ndiwo unachiputa. Zotsatira zimatenga milungu. Musachoke pachipatala musanafunse tsiku lobwerera, ndipo lilembedwe m'kabuku.

Bwalo la pabanja

Zotsatira zitatuluka, dokotala ananena mosapita m'mbali kuti mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo adzachotsa chigawo cha nsagwada pamodzi ndi mano a mbali imeneyo. Mayiwa sanayankhe. Atatuluka panja anangoti, "Nkhaniyi si ya ine ndekha. Akamve amalume."

Kwathu kuno nkhani ya mpeni sagamula mwamuna yekha. Mwini mbumba ayenera kumva, apo ayi zikavuta mlandu umagwera mkamwini. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango madzulo a Lamulungu, amalume awo, amuna awo, achemwali awo awiri ndi ife. Amalumewo ndi munthu woganiza bwino, ndipo funso lawo linali lanzeru.

"Inu alangizi, tamvani. Ngati akuti si khansa, bwanji osangochikolopola chotupacho n'kusiya fupa? Munthu angamudule nsagwada ngati mbuzi? Adzadya bwanji mwana wa mlongo wangayu?"

Tinawayankha zimene dokotala anatifotokozera, ndipo tikuzibwereza pano chifukwa funsoli limabwera nthawi zonse. Ameloblastoma ya mtundu wofala ilibe malire oyera. Imalowetsa timizu m'timipata ta fupa looneka labwinobwino, kupitirira pamene chithunzi chikuonetsa. Mlimi aliyense amadziwa kapinga. Ukapalira pamwamba munda umaoneka woyera, koma mvula ikangogwa kamadzukanso, ndipo kamakhala katatambalala kuposa kale. Zipatala zambiri padziko lapansi zaona kuti zotupa zokolopoledwa chabe zimabwereranso mwa odwala oposa theka. Chikabwerera chimakhala chovuta kuposa poyamba, chifukwa chimatha kulowa m'minofu yozungulira. Ndiye madokotala amadula chotupa pamodzi ndi fupa labwino lokwana sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka mbali zonse. Akatero mwayi woti chibwerere umachepa kwambiri. Ulipo mtundu wina wa thumba limodzi, umene umapezeka kwambiri mwa achinyamata, umene nthawi zina amauchotsa ndi opaleshoni yocheperapo, koma woweruza zimenezo ndi dokotala ataona zotsatira za labotale. Mankhwala a khansa a m'diripi ndi kuwotcha ndi makina si chithandizo choyamba cha chotupa ichi.

Pamene pachoka fupa sapasiya pululu. Amaikapo kachitsulo kopindidwa mofanana ndi nsagwada, ka mtundu wa titanium, n'kukamanga ndi timasikuluwu, ndipo amatha kuwonjezerapo fupa lotengedwa m'chiuno kapena nthiti ya wodwala yemweyo. Mu 1989 dokotala wina wa ku New York, David Hidalgo, anaonetsa kuti fupa laling'ono la kumwendo, la kunja kwa msongolo, likhoza kusamutsidwa pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi n'kupangira nsagwada yatsopano, munthu n'kumayendabe bwinobwino. Njira imeneyi imafuna akatswiri ndi zipangizo zimene sizipezeka paliponse, koma tikuitchula kuti mudziwe kuti kudula nsagwada si mapeto a kudya kapena kulankhula.

Chimene chinawafika pamtima amalumewo ndi masamu ake. Chotupa chikapezeka chili ngati nzama, dokotala amachotsa kachigawo ka fupa ndi mano awiri kapena atatu, n'kusiya m'mphepete mwa nsagwada muli mwamphumphu, ndipo nkhope siisintha kwenikweni. Chikafika pa bango, theka la nsagwada limapita. Chikadutsa pakati pa chibwano, ntchito imakula kwambiri. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Ndiye tikadikira kuti tikolole kaye, chikhala chitafika pati?" Palibe amene anayankha. Mawa lake anagulitsa mbuzi.

Opaleshoni inatenga maola angapo. Abale awiri anapereka magazi, ndipo mchemwali wawo wamng'ono anakhala gadiyani. Masiku oyamba ankadyera m'kapaipi kodzera m'mphuno. Atabwerera kumudzi ntchito inagwera amayi a Dorika, amene anagawana masiku ophika. Apa ndiye pamene maphunziro athu a zakudya anagwira ntchito yake yeniyeni. Munthu wochitidwa opaleshoni yotere amafunika chakudya chomanga thupi, koma sangatafune. Phala loyera lokha silikwanira. Ankawaphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, nyemba zosenda zophwanyaphwanya, maungu ndi mbatata zoponda, mapeyala, nthochi zakupsa, mazira ndi mkaka zikapezeka. Akatha kudya ankachukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Mbali imodzi ya mlomo wa m'munsi inachita dzanzi, chifukwa mtsempha wa pamenepo umadutsa m'kati mwa fupa limene linachotsedwa, choncho tinkawakumbutsa kuyesa kutentha kwa phala ndi chala asanalike pakamwa.

Akakhala mwana, musawerenge miyezi

Zonse takambazi ndi za chotupa choyenda pang'onopang'ono. Koma chilipo china cha m'nsagwada chimene chimathamanga, ndipo chimakonda ana, makamaka a zaka za pakati pa 4 ndi 9. Mwana amayamba kutupa tsaya kapena kuzungulira diso, mano amagwedera, nthawi zina mimba imatupanso, ndipo pakangotha milungu iwiri nkhope imakhala itasinthiratu. Makolo ambiri amayamba aganiza kuti ndi matsagwidi. Koma matsagwidi amatupa kunsi kwa khutu, amabwera ndi kutentha thupi, ndipo amaphwa okha pasanathe milungu iwiri. Ichi sichiphwa.

Imeneyi ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma. Dzinali ndi la Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene ankagwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda ndipo analemba za matendawa mu 1958. Mu 1961 iye ndi anzake awiri anayenda pa galimoto makilomita pafupifupi 16,000 akufunsa m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo anadutsanso muno dzikoli likadali Nyasaland. Anapeza kuti matendawa amachuluka kumadera otentha ndi achinyezi, kumenenso malungo ali ochuluka. Mu 1964 kachilombo ka Epstein-Barr kanapezeka m'maselo a chotupa chomwechi. Lero tikudziwa kuti kachilomboka pamodzi ndi malungo obwerezabwereza ndi zimene zimatsegulira khansayi njira. Ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno.

Maselo ake amatha kuchuluka kawiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Koma kuthamanga komweko kumachititsa kuti imve mankhwala. Iyi sachiza ndi mpeni, amachiza ndi mankhwala a m'diripi, ndipo nthawi zambiri chotupa chimayamba kuphwa m'masiku ochepa. Madokotala a ana ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, motsogozedwa kwa zaka zambiri ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, anachita ntchito yaikulu yopeza njira zochizira ana athu ndi mankhwala amene dziko lingakwanitse. Ku Kamuzu Central kulinso chigawo cha ana odwala khansa. Vuto limene limabwera n'lakuti makolo akaona tsaya laphwa amathawa ndi mwana mankhwala asanathe, ndipo matenda akabwerera amakhala ouma mutu.

Za kutupa kwa dzino lovunda sitichulukitsa mawu, chifukwa kumadzinenera kokha: kumapweteka, kumatentha, kumatuluka mafinya. Kukatsikira kunsi kwa lilime ndi kukhosi, munthu n'kumalephera kumeza kapena kutsegula kukamwa, muthamangire naye tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa kumatseka mpweya. Bala la m'kamwa kapena palilime limene latha milungu itatu osapola, makamaka mwa munthu wosuta, woika fodya kunkhama kapena womwa mowa, likapimidwe. Chimodzimodzi zigamba zofiirira moderapo za kunkhama kapena kumwamba kwa kamwa mwa munthu amene ali ndi HIV. Ndipo mlomo ukachita dzanzi wokha popanda chifukwa, chimenecho n'chizindikiro chosayenera kugona nacho.

Funso limodzi asanazule dzino

Sitikufuna kuweruza amene anazula dzino la mayi aja. Ogwira ntchito za mano m'dziko muno ndi ochepa, mzere umakhala wautali, ndipo zipatala zambiri zazing'ono zilibe makina ojambulira. Cha m'ma 2019, dziko la anthu oposa 17 miliyoni linali ndi madokotala a mano osafika 50, ndipo onse anaphunzira kunja. Ntchito yambiri imagwiridwa ndi amene amaphunzira za mano ku Malawi College of Health Sciences. Mu 2019 ndi pamene College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa madokotala a mano mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Zipatso zake zitenga nthawi kuti zifike ku Nambuma.

Pakadali pano wodwala ndi womuperekeza ali ndi mbali yawo. Dzino la munthu wamkulu likagwedera lilibe bowo, silinagundidwe, ndipo fupa la pansi pake lafufuma n'kulimba, nenani zonsezo kwa dokotala asanagwire chozulira. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi fupali silofunika kulijambula kaye?" Ngati dzino linazulidwa kale koma kutupa sikunaphwe patatha mwezi, bwererani mukapemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu. Mapilitsi akapanda kugwira ntchito ulendo woyamba, kugula ena kugolosale n'kutaya ndalama ndi nthawi.

Nafenso tasintha kagwiridwe ka ntchito. Tikamayendera mabanja kapena kuyeza anthu pa misonkhano ya zaumoyo, timayang'ana nkhope ngati mbali ziwiri zikufanana. Tikaona mpango wa m'chilimwe, kapena mnyamata wosunga ndevu mbali imodzi, timapeza mpata womufunsa pambali, osati pagulu. Sitinena dzina la matenda, chifukwa si ntchito yathu ndipo sitingalidziwe ndi maso. Ntchito yathu ndi kufunsa, kuperekeza, ndi kusonkha ya minibasi pamene yasowa.

Opaleshoni ikatha nkhani imakhala isanathe. Ameloblastoma ikafuna kubwerera, kawirikawiri imabwerera m'zaka zisanu zoyamba, koma imatha kutulukiranso patapita zaka 10 kapena kuposerapo. N'chifukwa chake madokotala amafuna kumuona munthu ndi kumujambula chaka ndi chaka, ngakhale akupeza bwino. Tsiku la mayi aja tinalilemba m'kaundula wathu, pakuti munthu amene wachira, chimanga chili m'munda chikufuna kupalira, saona chifukwa chokwerera minibasi.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ali ndi chipsera chodutsa kunsi kwa nsagwada, tsaya la kumanzere n'lolowa pang'ono, ndipo nsima amadya yofewa. Nzimbe sanabwererenso. Kukwaya anabwerera, ndipo duku amamanga pamutu pokha. Za mayi wokalamba wa malire a munda uja palibenso amene amazitchula.

Mwezi wathawu anatipeza pamsika n'kutikokera pambali. Anati mnyamata wa kabaza amene anawanyamula kuchokera ku Nsaru ali ndi chotupa kunsagwada ya kumanja, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Anamufunsa ali panjinga pomwepo, ndipo iye anaseka n'kunena kuti sichipweteka, adzapita akagulitsa soya. Mayiwa anamutsitsa panjinga, kumugwira dzanja n'kuliyendetsa pa chipsera chawo kuyambira kukhutu mpaka kuchibwano. Anafunsa mudzi wake ndi dzina la amalume ake. Tapangana kuti tipite kumeneko Lamulungu likubwerali, ndipo iwo anena kuti apita nafe.